Chifukwa chiyani dziko la America limakana khoti la milandu ya pa nkhondo la ku The Hague?

Mphunzitsi wa ku Kapata, Chipata

Akuluakulu a pabwalo lino, ndikupempha nzeru pa nkhani imene ndimalephera kuifotokoza mokwanira ndikamaphunzitsa mbiri ya dziko lapansi pa sekondale ina muno mu Chipata. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, dziko la America linali patsogolo, pamodzi ndi Britain, France ndi Soviet Union, pokhazikitsa khoti la ku Nuremberg limene linazenga milandu akuluakulu a boma la Nazi, ndipo amene anatsogolera mbali ya America pa milanduyo anali Robert Jackson, woweruza wa khoti lalikulu la dzikolo. Mu 1993 ndi 1994 dziko lomwelo linalimbikitsa bungwe la United Nations kuti likhazikitse makhoti apadera oweruza nkhanza za ku Yugoslavia ndi za ku Rwanda. Ifenso a ku Zambia tinaikapo dzanja pa ntchitoyo, chifukwa Jean-Paul Akayesu, amene anali mkulu wa dera la Taba ku Rwanda, anagwidwa m'dziko mwathu muno mu 1995, ndipo khoti la milandu ya ku Rwanda, limene linali ku Arusha, linamupeza wolakwa mu 1998 pa mlandu wopulula mtundu wa anthu. Woweruza wathu, Mayi Florence Mumba, anakhala nawonso pa mpando m'khoti la milandu ya ku Yugoslavia.

Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti pa 17 Julayi 1998, maiko atasonkhana ku Rome kuti avomereze pangano lokhazikitsa khoti lokhalitsa la milandu yotereyi, limene lili ku The Hague ndipo timalidziwa ndi dzina lakuti ICC, maiko 120 anavomera, 7 anakana, ndipo America inali m'gulu la okanawo. Zambia inalowa mwalamulo mu Novembala 2002, koma America ikadali kunja, ndipo tsopano ikupereka zilango kwa oweruza a khotilo.

Kodi pali zifukwa zomveka za malamulo zimene dzikolo limapereka, kapena ndi mantha chabe? Yankho lakuti wamphamvu amachita zimene akufuna ndikulidziwa, koma silindikwanira, chifukwa silifotokoza mmene dziko lingathandizire makhoti atatu ndi mtima wonse n'kudzalimbana ndi lachinayi.

Wopuma pa ntchito ya m'khoti, Katete

Aphunzitsi, makhoti atatu amene mwatchulawo amasiyana ndi la ICC pa chinthu chimodzi chachikulu, ndicho chakuti ndani anali ndi mphamvu yosankha anthu oti azengedwe mlandu. Ku Nuremberg opambana nkhondo ndiwo analemba malamulo a khotilo, ndipo analemba poyera kuti ozengedwa adzakhala a mbali ya Germany. Palibe wa mbali ya opambana amene anazengedwa mlandu pa za mabomba amene anapsereza mzinda wa Dresden ku Germany, kapena za akaidi a ku Poland amene a Soviet Union anawapha ku Katyn. Makhoti a Yugoslavia ndi Rwanda anakhazikitsidwa ndi Khonsolo ya Chitetezo ya United Nations, kumene America ili ndi mphamvu yoletsa chigamulo chilichonse, imene amaitcha veto, ndipo khoti lililonse linapatsidwa malire a dera ndi a nthawi, kotero kuti la Rwanda linkangoona zimene zinachitika m'chaka cha 1994 chokha. Pothandiza makhoti amenewo, America inkadziwiratu kumene milanduyo idzathera.

Khoti la ICC linapangidwa mwanjira ina. Ndi lokhalitsa, ndipo mkulu wozenga milandu angathe kuyamba kufufuza yekha ngati oweruza atatu amuloleza, popanda kupempha chilolezo ku boma lililonse. Choposa apo ndi gawo 12 la panganolo, limene limati mlandu ukapalamulidwa m'dziko limene ndi membala, khotilo lingathe kuzenga wopalamulayo ngakhale dziko la kwawo lisali membala. Ku Rome nthumwi za America, motsogozedwa ndi David Scheffer, zinalimbikira kuti milandu izidutsa ku Khonsolo ya Chitetezo, kapena kuti dziko la woganiziridwayo liziyamba lavomera, koma maiko ambiri, kuphatikizapo a ku Africa, anakana, podziwa kuti zikatero maiko asanu a veto sadzakhudzidwa mpaka kalekale. Mkangano wonse unayambira pamenepo.

Zifukwa zimene boma la America limapereka zilipo, ndipo n'koyenera kuzimva musanaziweruze. Choyamba amati pangano silingamange dziko limene silinalivomereze. Mfundo imeneyi ndi yoona pa malamulo a pakati pa maiko, koma khotilo silizenga dziko, limazenga munthu. Mlendo akapha munthu ku Chipata amazengedwa m'khoti la Zambia popanda kufunsa boma la kwawo, ndipo maiko amene analowa m'panganoli anangogawirako khoti la ku The Hague mphamvu imene anali nayo kale pa nthaka yawo. Amatinso malamulo aakulu a dziko lawo amapatsa nzika ufulu woweruzidwa ndi gulu la nzika zinzake, lotchedwa jury, limene ku The Hague kulibe. Komatu America yomweyo imatumiza nzika zake kukazengedwa m'maiko ena kumene dongosolo limenelo kulibe, malinga ndi mapangano obwezerana anthu othawa milandu.

Chifukwa chimene ine ndimachiona cholemerako ndi chakuti America ili ndi asilikali m'maiko ambiri kuposa dziko lina lililonse, ndipo ili ndi adani ambiri amene angakonde kuichititsa manyazi ndi milandu yandale, pamene mkulu wozenga milandu wa khotilo sasankhidwa ndi anthu a ku America ndipo sayankha kwa iwo. Palinso vuto la m'nyumba mwawo, lakuti pangano lililonse limafuna mavoti a magawo awiri mwa atatu m'nyumba ya malamulo ya Senate, kutanthauza aphungu 67 mwa 100, ndipo nyumbayo sikonda mapangano oika dzikolo pansi pa ulamuliro wina. Pangano loletsa kupulula mtundu wa anthu la mu 1948 analivomereza mu 1988, patapita zaka 40.

Koma zochita zawo zimanena zambiri kuposa zifukwazo. Pulezidenti Bill Clinton anasaina panganolo pa 31 Disembala 2000, atatsala pang'ono kuchoka pampando, koma sanalitumize ku Senate. Mu Meyi 2002 boma la George W. Bush linalembera United Nations kalata, imene anasaina ndi John Bolton, yonena kuti dzikolo lilibe cholinga cholowa. Mu Juni chaka chomwecho linagwiritsa ntchito veto kuletsa kuti ntchito yosungitsa mtendere ku Bosnia ipitirire, mpaka Khonsolo ya Chitetezo inagonja n'kupereka chitetezo cha chaka chimodzi kwa asilikali a maiko osakhala mamembala. Mu Ogasiti kunatuluka lamulo lopatsa pulezidenti mphamvu yogwiritsa ntchito njira iliyonse yofunika kuti amasule nzika ya America imene khotilo lingaitsekere, ndipo n'chifukwa chake anthu analipatsa dzina lakuti lamulo loukira The Hague. Kenaka anayenda dziko ndi dziko kusainitsa mapangano, pafupifupi 100, akuti nzika ya America isadzaperekedwe ku khotilo, ndipo maiko amene anakana, monga South Africa, anadulidwa thandizo la zankhondo. Dziko limene likungokana kulowa m'pangano silichita zonsezi. Amene amachita zotere ndi amene akufuna kuti khotilo lisadzamufike ngakhale kudzera m'maiko ena.

Msilikali wopuma, Chipata

Bambo a ku Katete afotokoza bwino za malamulo, koma ndikufuna kutsutsa pang'ono chifukwa chimene achitcha cholemerako, chakuti asilikali a America angazunzidwe ndi milandu yandale. Asilikali a Zambia apita kukasungitsa mtendere ku Rwanda, Sierra Leone, Sudan ndi Central African Republic, ndipo popeza dziko lathu ndi membala, aliyense wa iwo kuyambira 2002 amapita akudziwa kuti khotilo lingamufike. Sindinamvepo mnzanga akunena kuti zimenezo zamulepheretsa kugwira ntchito. Malamulo a nkhondo a ku Geneva a mu 1949 timaphunzitsidwa tisananyamuke, ndipo si ovuta kumva: mkaidi sazunzidwa, wogonja saphedwa, ndipo chipatala sichiomberedwa.

Ndiponso gawo 17 la pangano la ku Rome limati khotilo limalowererapo pokhapokha dziko la wopalamulayo likalephera kapena likakana kufufuza moona mtima. Britain ndi membala, ndipo asilikali ake anachita nkhanza kwa akaidi ku Iraq. Mu Disembala 2020 ofesi ya mkulu wozenga milandu inanena kuti pali umboni wokhulupirika wakuti nkhanzazo zinachitikadi, koma inatseka nkhaniyo chifukwa sinathe kutsimikizira kuti boma la Britain linkabisa dala olakwa. Ambiri sanakondwere ndi chigamulocho, koma chikusonyeza kuti dziko lokhala ndi makhoti ogwira ntchito lili ndi potchingira.

Ndiye funso n'lakuti America ikuopa chiyani, popeza makhoti ili nawo. Yankho lili m'mbiri ya milandu imene inazenga yokha. Ku My Lai, m'dziko la Vietnam, asilikali ake anapha anthu wamba oposa 300 mu Malichi 1968, ndipo munthu mmodzi yekha, William Calley, ndiye anapezeka wolakwa. Anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse mu 1971, koma anakhala zaka pafupifupi zitatu pa ukaidi wa panyumba n'kumasulidwa. Ku ndende ya Abu Ghraib ku Iraq, imene zithunzi zake zinatuluka mu 2004, amene anamangidwa anali asilikali a maudindo apansi, ndipo chilango chachikulu chinali zaka 10. Ku Haditha, ku Iraq komweko, mu Novembala 2005 anthu wamba 24 anaphedwa, ndipo palibe amene anakhala m'ndende chifukwa cha imfa zimenezo.

Nkhani imene imaonetsa bwino vutoli ndi ya kuzunza akaidi pofunsa mafunso pambuyo pa 2001. Imeneyo sinali ntchito ya msilikali wopsa mtima pakati pa nkhondo, koma dongosolo limene maloya a boma analilembera zikalata zoliloleza. Bungwe la ukazitape la America, la CIA, linasunga akaidi m'ndende zachinsinsi ku Afghanistan, Poland, Romania ndi Lithuania, maiko onse anayi mamembala a ICC, ndipo khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya linapeza Poland yolakwa mu 2014, Romania ndi Lithuania mu 2018, chifukwa chololera zimenezo pa nthaka yawo. Komiti ya Senate inatulutsa lipoti lake mu Disembala 2014 lofotokoza nkhanzazo, koma unduna wa zachilungamo unali utatseka kale kafukufuku wake mu 2012 popanda kuzenga munthu. Apa gawo 17 silingawateteze, chifukwa sanazenge aliyense mwa olamula. Gawo 28 limati mkulu wa asilikali amayankha pa zimene anyamata ake achita ngati ankadziwa n'kusaletsa, ndipo gawo 27 limati udindo wa nduna kapena pulezidenti suteteza munthu. Ine monga msilikali zimandipweteka kuti dzina la asilikali wamba ndilo limaikidwa patsogolo pokana khotili, pamene iwowo amalangidwa kale kwawo, ndipo otetezedwa enieni ndi amene amapereka malamulo ali muofesi.

Mayi wa ku Chadiza

Abambo nonse mwalankhula za ozengedwa, ndiye mundilole ndilankhuleko za ovulazidwa. Ife a m'malire tikukumbukira kuti kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inkasefukira m'midzi ya ku Chadiza, Katete ndi Petauke, anthu akuphedwa, ziweto zikulandidwa, ndipo othawa nkhondo ambirimbiri anakasungidwa ku Ukwimi. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, kenaka onse anakhululukidwa. Amene anagwira mfuti sanazengedwe, ndipo a boma la Rhodesia ndi la tsankho la ku South Africa, amene analera gulu la Renamo n'kumalipatsa zida, sanafunsidwenso kanthu. Khoti la ICC silingabwerere ku zimenezo, chifukwa mphamvu zake zimayambira pa 1 Julayi 2002, koma amene anaona zinthu zotere amadziwa chifukwa chake khoti loterolo likufunika.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi Khonsolo ya Chitetezo. Mwa maiko asanu okhala ndi veto, atatu, America, Russia ndi China, sali mamembala a khotilo, komabe ali ndi mphamvu yotumiza maiko ena kumeneko. Mu 2005 khonsoloyo inatumiza nkhani ya Darfur ngakhale Sudan siili membala, ndipo mu 2011 inatumiza Libya, America itavotera nawo. M'zigamulo zonse ziwirizo munaikidwa ndime yoteteza nzika za maiko osakhala mamembala zimene zingatumizidwe kukagwira ntchito kumeneko. Mu 2014 nkhani ya Syria itabwera, Russia ndi China analetsa. Zili ngati nyakwawa imene imakhala pabwalo kuweruza milandu ya anthu a m'mudzi, koma ng'ombe zake zikadya chimanga cha mnzake imati bwalolo silikuikhudza.

Taonani zimene zinachitikira abale athu a ku Malawi. Mu Okutobala 2011 analandira Omar al-Bashir, amene anali pulezidenti wa Sudan, ku msonkhano wa COMESA ku Lilongwe ndipo sanamumange, ngakhale khotilo linali litalamula kuti agwidwe. Mu 2012 bungwe la boma la America lopereka thandizo la chitukuko, la Millennium Challenge Corporation, poimitsa ndalama zokwana madola 350 miliyoni za magetsi, linatchula ulendo wa al-Bashir monga chimodzi mwa zinthu zimene zinalidetsa nkhawa. Mayi Joyce Banda atalowa pampando anati al-Bashir asabwere ku msonkhano wa African Union, ndipo msonkhanowo unasamutsidwira ku Addis Ababa. Dziko losauka linapanikizidwa mbali zonse ziwiri chifukwa cha chikalata cha khoti limene America yomweyo silivomereza.

Ngakhale zili choncho, pamene boma lathu linayenda m'zigawo mu 2017 kufunsa anthu ngati Zambia ituluke m'khotilo, ine ndinali kumbali ya amene anati tikhalebe, ndipo oposa 90 mwa anthu 100 alionse amene anapereka maganizo ananena chimodzimodzi. Tikatuluka, America sitaya kanthu, koma mayi wa kumudzi amataya khomo lomaliza limene akanagogoda tsiku limene boma lake lomwe lamutembenukira.

Wophunzira zamalamulo, Lundazi

Makolo anga, ndiloleni ndionjezereko, ngakhale ndine mwana pakati panu. Khalidwe limeneli si la America yokha. Russia inasaina panganolo mu 2000, koma mu Novembala 2016 inachotsa siginecha yake, ofesi ya mkulu wozenga milandu itangonena kuti dera la Crimea lili m'manja mwa dziko lachilendo. Khotilo litalamula pa 17 Malichi 2023 kuti Vladimir Putin amangidwe pa mlandu wosamutsa ana a ku Ukraine, Russia inatsegulira mlandu mkulu wozenga milandu Karim Khan ndi oweruza ena. China ndi India sanasaine n'komwe. Chimene chimasiyanitsa America n'chakuti imalithandiza khotilo nthawi zina. Bosco Ntaganda, mtsogoleri wa gulu loukira boma ku Congo, anadzipereka ku ofesi ya kazembe wa America ku Kigali mu 2013 n'kutumizidwa ku The Hague, ndipo mu 2015 asilikali a America anathandiza kuti Dominic Ongwen wa gulu la LRA, loukira boma la Uganda, afike kumeneko. Pulezidenti Joe Biden anati chikalata chomanga Putin chinali choyenera, koma khoti lomwelo litalamula pa 21 Novembala 2024 kuti Benjamin Netanyahu ndi Yoav Gallant a ku Israel amangidwe, anadzudzula mwamphamvu. Pa malamulo nkhani ziwirizi zimafanana, chifukwa Russia ndi Israel onse sali mamembala, ndipo khotilo linadalira mphamvu ya dera kumene milandu ikunenedwa kuti inachitikira. Chinasintha ndi munthu wozengedwayo basi.

Amayi a ku Chadiza, ndikugwirizana nanu, koma tisawachotse atsogoleri athu a mu Africa pa mlanduwu. Milandu yoyamba ya khotilo inapita kumeneko chifukwa maboma a Uganda, Congo ndi Central African Republic anaipereka okha, ndipo Mali inachitanso chimodzimodzi mu 2012. Pamene ogwidwa anali a magulu oukira boma, atsogoleri sankadandaula. Madandaulo anakula khotilo litafika pa al-Bashir ndi Uhuru Kenyatta wa ku Kenya. Mu Juni 2014 ku Malabo, ku Equatorial Guinea, atsogoleri a African Union anagwirizana zopatsa khoti la mu Africa mphamvu yozenga milandu yotereyi, koma analembamo kuti pulezidenti ndi akuluakulu a boma amene ali pampando asazengedwe, ndipo ngakhale pangano lofookalo silinayambe kugwira ntchito chifukwa maiko 15 ofunika sanalivomereze. Burundi inatuluka mu Okutobala 2017 pamene khotilo linkayang'ana za kuphedwa kwa otsutsa boma. Wolamulira aliyense amene ali ndi mfuti amafuna chimene America ikufuna, kungoti America ili ndi njira zochipezera.

Mphunzitsi wa ku Kapata, Chipata

Zikomo nonse, makamaka bambo asilikali pa nkhani ya gawo 17. Chatsala chimodzi. Khotilo lilibe apolisi akeake, ndipo palibe amene angalowe ku Washington kukagwira nduna. Putin anapita ku Mongolia mu Sepitembala 2024, dziko limene ndi membala, n'kubwerako bwinobwino. Nanga dziko lamphamvu chotero limavutikiranji kulanga oweruza a khoti limene silingalikhudze?

Wopuma pa ntchito ya m'khoti, Katete

Aphunzitsi, khotilo silingalowe ku Washington, koma munthu sakhala pampando mpaka kalekale, ndiponso sakhala m'dziko lake lokha. Chikalata chomanga munthu chikatuluka, maiko oposa 120 amakhala ndi udindo womugwira akaponda pa nthaka yawo. N'zoona kuti Mongolia sinatero, koma Putin yemweyo sanapite ku msonkhano wa BRICS ku Johannesburg mu Ogasiti 2023, chifukwa makhoti a ku South Africa anali atagamula kale kuti boma linalakwa polola al-Bashir kuchoka mu 2015. Makolo athu ankati mlandu suola, ndipo gawo 29 la panganolo limanena zomwezo, kuti milandu imeneyi siitha ndi kupita kwa zaka. Augusto Pinochet, amene ankalamulira Chile, anagwidwa ku London mu 1998 atachoka kale pampando. Hissène Habré, amene anali pulezidenti wa Chad, anathawa kwawo mu 1990 ndipo anaweruzidwa ku Dakar mu 2016. Rodrigo Duterte ali pulezidenti anatulutsa Philippines m'khotilo mu 2019, koma mu Malichi 2025 boma la dziko lake lomwe linamukweza ndege ya ku The Hague. Nduna iliyonse imene ikulamula kuti mabomba aponyedwe imazidziwa nkhani zimenezi. Palinso nkhani ya maiko ogwirizana nawo, chifukwa Britain, Germany ndi Japan ndi mamembala, ndipo n'kovuta kuti apereke zida kapena malo a nkhondo ku ntchito imene oweruza aitcha mlandu.

Zilangozo zimagwira ntchito chifukwa ndalama zambiri za padziko zimadutsa m'mabanki a ku America, ndipo munthu akaikidwa pa mndandanda wawo, ngakhale mabanki a maiko ena amaopa kumusungira akaunti. Tsatirani nkhani ya Afghanistan, imene inalowa m'khotilo mu 2003. Mu Novembala 2017 Mayi Fatou Bensouda a ku Gambia, amene anali mkulu wozenga milandu, anapempha chilolezo chofufuza mbali zonse, a Taliban, asilikali a boma la Afghanistan, komanso a America ndi CIA. Mu Epulo 2019 America inawalanda viza, ndipo mwezi womwewo oweruza anakana pempholo, ngakhale anavomereza kuti umboni ulipo, ponena kuti kafukufukuyo sangapite patali popanda mgwirizano wa maiko okhudzidwa. Oweruza a apilo anatembenuza chigamulocho mu Malichi 2020, ndipo mu Sepitembala boma la Donald Trump linaika zilango za zachuma pa Mayi Bensouda ndi Phakiso Mochochoko wa ku Lesotho, mmodzi mwa akuluakulu a mu ofesi yawo. Biden anazichotsa mu Epulo 2021, koma mu 2025 zinabwereranso, choyamba pa Karim Khan, kenaka pa oweruza, kuphatikizapo Mayi Solomy Bossa a ku Uganda ndi Mayi Reine Alapini-Gansou a ku Benin.

Mu Sepitembala 2021 Khan, atalowa m'malo mwa Mayi Bensouda, analengeza kuti chifukwa cha kuchepa kwa chuma ndi antchito, ofesi yake idzaika patsogolo milandu ya Taliban ndi ya gulu la Islamic State, ndipo mbali zina za kafukufukuyo zidzayamba zadikira. Mabungwe oimira anthu amene anazunzidwa m'ndende za CIA anadandaula kwambiri. Mu Julayi 2025 khotilo linatulutsa zikalata zomanga atsogoleri awiri a Taliban pa mlandu wozunza amayi ndi atsikana, ndipo umenewo ndi mlandu weniweni woyenera kuzengedwa. Pa mbali ya America palibe chikalata chimene chatuluka, ndipo chiyambire 2002 palibe nzika ya dzikolo imene khotilo laizenga mlandu.